Kupanga roketi yotalika mamita awiri yoti iuluke osapindika

Roketi yaifupi, ya masentimita 30 kapena 40, siivuta kwenikweni. Chipsepse chipendekeke pang'ono, guluu achuluke mbali imodzi, iyo imangonyamuka basi. Yayitali ndiye ina. Ndi chubu cha pepala chotalika mamita awiri, chonenepa masentimita anayi okha, chimene chikukankhidwa kumunsi pamene kumutu kukulimbana ndi mpweya. Ulesi uliwonse umene munachita polumikiza umaonekera m'sekondi yoyamba. Roketi imakhota, imazungulira, nthawi zina imathyoka pakati anthu akuona. N'chifukwa chake ntchito yonse imene ndikufotokoza pano yagona pa kuwongoka kwa thupi ndi kulimba kwa molumikizira, popanda kuilemeretsa.

Chitsanzo chimene titsatire chikufanana ndi roketi yotchuka ya kampani ya Estes ya ku America yotchedwa Mean Machine, yomwe imatalika pafupifupi mamita awiri ndipo imauluka ndi injini za D ndi E. Mukhoza kugula bokosi lake lathunthu, koma mukhozanso kugula zipangizo padera n'kupanga yanu. Njira yachiwiriyi ndi imene imaphunzitsa zambiri.

Yambani ndi injini musanadule kanthu

Injini ndi imene imalamula kulemera kwa roketi, choncho dziwani kaye imene mungaipeze. Pano ndinene mosapita m'mbali: injini ikhale yogula, yopangidwa ku fakitale. Musayese kusakaniza wonga wanu, kaya mwaona pa intaneti kaya mnzanu wakulimbikitsani. Masewera amenewa anabadwa pofuna kuthetsa zomwezo. Dziko la Soviet Union litaponya m'mlengalenga satelayiti yotchedwa Sputnik mu 1957, achinyamata ambiri ku America anayamba kuthira wonga m'mapaipi achitsulo, ndipo ambiri anavulala, ena kufa kumene. Orville Carlisle, wogulitsa nsapato wa ku Norfolk m'chigawo cha Nebraska, amene ankadziwa bwino za makombola a pa zikondwerero, anali atapanga kale injini yaing'ono ya pepala yogwiritsa ntchito kamodzi mu 1954. Iye ndi G. Harry Stine, amene anagwirapo ntchito ku White Sands Missile Range, malo a asilikali oyesera mizinga, anayambitsa bungwe la National Association of Rocketry mu 1957. Mu 1958 Vern Estes anatsegula kampani yake ku Denver n'kupanga makina odzaza injini zoterezi zambirimbiri. Ganizo lawo linali lakuti munthu apange thupi la roketi ndi pepala ndi timatabwa, za moto azisiyire fakitale. Manambala a chitetezo amene nditchule m'munsimu achokera m'malamulo a bungwe la National Association of Rocketry lija.

Pa injini iliyonse pamalembedwa chilembo ndi manambala awiri, monga D12-3. Chilembo chimanena mphamvu yonse imene ili m'katimo, ndipo chilichonse chimawirikiza kawiri chinzake cham'mbuyo: C imalekera pa 10 newton-sekondi, D pa 20, E pa 40. Nambala yoyamba, 12, ndi kukankha kwa injini mu ma newton, kotengera pakatikati. Nambala yomaliza, 3, ndi masekondi amene injini imadikira moto wokankha utatha, isanaphulitse kawonga kakang'ono kotulutsa parachuti. Injini ya D ya Estes ndi yonenepa mamilimita 24, yotalika 70. Ya E kunenepa n'komweko, koma kutalika ndi 95.

Anthu a masewerawa amatsata lamulo lakuti kukankha kwa injini kupose kulemera kwa roketi kasanu. Ma newton 12 kugawa kasanu ndi 2.4, omwe ndi pafupifupi magalamu 245. Malire anu ndi amenewo. Roketi yonse, injini ili m'kati, isapitirire kwambiri magalamu 250. Lembani nambalayi pa khoma pomwe mukugwirira ntchito, chifukwa guluu ndi penti zimaidya mwakachetechete.

Injini zimawerengedwa m'gulu la zophulika, motero sizitumizidwa pa positi wamba ndipo simungakwere nazo ndege, kaya m'chikwama cha m'manja kaya chachikulu. Amene muli ku Britain, fufuzani bungwe la United Kingdom Rocketry Association, likulozerani gulu lapafupi lomwe lili ndi bwalo loulutsirapo. Kwina kulikonse, ngakhale ku Malawi ndi ku Zambia, pitani kaye ku polisi ndi ku ofesi yoona za maulendo a ndege mukafunse zimene malamulo akunena pa kuitanitsa, kusunga ndi kuulutsa. Injini yovomerezeka ikapanda kupezeka, pangani roketi ya madzi ya mabotolo a pulasitiki, yopopa ndi pampu ya njinga. Zambiri za kuwongoka ndi zipsepse zimene zili pano zimagwiranso ntchito kumeneko.

Zofunika kusonkhanitsa

Mufunika machubu anayi a pepala a saizi yotchedwa BT-60. Chubu chimodzi n'chotalika masentimita 45.7, chonenepa mamilimita 41.6, ndiye anayiwo akupereka masentimita 183, ndipo mutu wosongoka wa pulasitiki kapena wa balsa (mtengo wopepuka kwambiri) ukuwonjezera otsalawo. Mufunikanso zolumikizira zitatu, zomwe ndi timachubu tolimba tolowa m'kati mwa machubu aakuluwo. Kumunsi kukhale chubu cha injini cha mamilimita 24, mphete ziwiri zochigwira pakati, kamphete kotchinga injini kuti isathawire m'kati, ndi mbedza yachitsulo yoigwira kuti isatuluke. Pezani thabwa la balsa lokhuthala mamilimita atatu la zipsepse, timachubu tiwiri tolowa ndodo youlutsirapo, chingwe cha Kevlar (ulusi wolimba wosapsa msanga) mita imodzi, lasitiki wosokera zovala mamita atatu, ndi pulasitiki wopyapyala wa parachuti. Patebulo pakhale guluu wa matabwa, epoxy (guluu wosakaniza mankhwala awiri) wouma mochedwa, supagulu, sandipepa wosalala, mpeni wakuthwa, rula yachitsulo, tepi ya pepala, ndi sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu.

Chida chimodzi chimene ambiri amachiiwala ndicho chofunika kuposa zonse: chitsulo cha aluminiyamu chopindidwa ngati chilembo L, chotalika mita imodzi kapena kuposa. Chimapezeka m'mashopu ogulitsa zomangira nyumba. Pogula, chiyang'aneni ndi diso limodzi kuchokera kumapeto, mutsimikize kuti nachonso n'chowongoka.

Machubu ogula akasowa mukhoza kukulunga anu. Tengani paipi ya PVC ya mamilimita 40, muikute ndi pulasitiki wopyapyala kuti guluu asagwire, n'kukulungapo pepala lolimba la khaki, longa la m'kati mwa thumba la simenti, katatu kapena kanayi, mukupaka guluu wosungunula pang'ono ndi madzi. Chisiyeni chiumire pa paipi pomwepo masiku awiri. Chimatuluka cholemera kuposa chogula, ndiye chilichonse chikwere pa sikelo. Mukatero mutu, mphete ndi zolumikizira muzipanganso molingana ndi chubu chanucho. Koma paipi ya PVC yeniyeniyo isakhale thupi la roketi, ngakhalenso chitsulo. N'zolemera, ndipo zikasweka zimamwaza tizidutswa takuthwa.

Ijambuleni kaye pa kompyuta

OpenRocket ndi pulogalamu yaulere imene Sampo Niskanen anayamba ku Helsinki University of Technology monga ntchito yake ya digiri yachiwiri ya 2009. Mumalowetsamo miyeso ndi kulemera kwa chipangizo chilichonse, mumasankha injini, ndipo imakuonetsani madontho awiri pa thupi la roketi. La buluu, lolembedwa CG, ndi pamene kulemera kumalinganira, pamene mungaikhazike roketi pa chala osagwa. Lofiira, lolembedwa CP, ndi pamene mphamvu ya mphepo yowomba cham'mbali imasonkhana. Masamu opezera CP anawalemba James Barrowman mu 1966, ndipo pulogalamuyi yamangidwa pa masamu amenewo. Kuti roketi iuluke molunjika, CG ikhale kutsogolo kwa CP, chakumutu.

Pa roketi yaifupi amati mpata wa pakati pa madonthowa ulingane ndi kunenepa kwa chubu, kamodzi kapena kawiri. Pa yayitali zimenezo sizikwana. Thupi lalitali likangopendekeka pang'ono nalonso limagwira mphepo, ndipo CP imasunthira kutsogolo. Choncho yezani potengera kutalika: mpatawo usachepere 8 pa 100 aliwonse a kutalika kwa roketi, ndipo ine ndimafuna usachepere masentimita 20 pa roketi ya mamita awiri. Yambani ndi zipsepse zitatu, chilichonse masentimita 12 mbali yomata pa thupi, 5 kunsonga, ndi 7 kuchokera pa thupi kupita kunja. Ndi miyeso imeneyi mupeza kuti mpata wafika masentimita 40 kapena 50, kutanthauza kuti vuto lanu si kugudubuzika m'mwamba ayi, koma kukonda kutembenukira kumene mphepo ikuchokera. Ndiye musaike dongo kapena chilichonse cholemera m'mutu monga amachitira ndi roketi zazifupi, ndipo musakulitse zipsepse pofuna kukongoletsa.

Chogwirira injini

Dulani chubu cha injini masentimita 12. Matani kamphete kotchinga m'kati mwake pamalo poti injini ya E ikalowa itsale kunja mamilimita asanu ndi limodzi. Pogwiritsa ntchito D mudzaika kachidutswa ka chubu ka mamilimita 25 patsogolo pake kuti izaze mpatawo. Lowetsani mbedza, kenako matani mphete ziwiri zija, ina masentimita awiri ndi theka kuchokera kumunsi, ina pafupi ndi kumtunda. Mangani chingwe cha Kevlar mozungulira chubu kumunsi kwa mphete yakumtunda, muchidutsitse pa kampata kamene mwaseme m'mphepete mwa mpheteyo. Kunsonga ina ya Kevlar mangiranitu lasitiki panopa, chifukwa pambuyo pake dzanja silidzafikako. Zingwe zonsezi zibwezereni m'chubu cha injini kuti zisakhudze guluu. Pakani guluu m'kati mwa chubu chachikulu ndi kamtengo, n'kukankha chogwiriracho kamodzi, osaima panjira, mpaka chilingane ndi m'mphepete.

Kulumikiza machubu

Apa ndiye pagona roketi yonse, ndipo musapachite mothamanga.

Tengani bango lalitali, muligwire kumunsi n'kulikankhira m'madzi mwamphamvu. Lowongoka limalowa. Lokhota pang'ono limapindikira mbali yomwe linakhotera kale, ndipo mukapitiriza kukankha limathyoka. Zimene zimachitikira roketi yayitali n'zomwezo. Kukhota kwa mamilimita ochepa polumikizira kumachititsa mutu kuloza pambali. Mpweya umakankha mutuwo, thupi limapindikanso pang'ono, mpweya n'kupeza pogwira pakulu. Liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwa mpweya kumawirikiza kanayi, choncho zonsezi zimachitika nthawi imene injini ili pa mphamvu. Ku America kuli mpikisano wa roketi zazitali wotchedwa Superroc, momwe amachulukitsa kutalika kwa roketi ndi mtunda umene yakwera kapena nthawi imene yakhala m'mwamba. Roketi ikapindika thupi isanatulutse parachuti, ulendowo suwerengedwa.

Choyamba yesani chubu chilichonse pachokha. Chigudubuzeni pang'onopang'ono pa galasi kapena pa tebulo losalala, maso ali m'mphepete mwa tebulo, tochi ikuwala kuseri. Chubu chowongoka chimatseka kuwalako njira yonse. Chokhota chimaonetsa kamzere ka kuwala pansi pake, kamene kamabwera n'kusowa pamene chikugudubuzika. Chowongoka kwambiri ndi chopanda banga chisungireni pakati. Chimene chili ndi potobwanyika, ngakhale pang'ono, chisalowe m'roketi imeneyi, chifukwa pepala likathyoka kamodzi limadzathyokeranso pomwepo.

Cholumikizira chilichonse chilowe masentimita osachepera anayi mbali iliyonse, ndiye kuti chikhale cha masentimita asanu ndi atatu. Cha 10 ndi chabwino koposa. Chiyeseni chouma kaye. Chiyenera kulowa mogwira koma mosakakamiza. Chikathina, palani ndi sandipepa. Chikakhwepa, kulungani pepala limodzi lopyapyala ndi guluu, chiume, muyesenso. Lembani mzere pakati pake ndi pensulo.

Nkhani ya guluu ndi imene imawononga machubu ambiri. Guluu wa matabwa ali ndi madzi, ndipo pepala limamwa madziwo msanga. Mukukankha cholumikizira, mumangomva chagwira nji chisanafike pa mzere, sichipitanso kutsogolo, sichibwereranso m'mbuyo. Pa ntchito imeneyi gwiritsani epoxy wouma mochedwa, wa mphindi 30, chifukwa amaterera ndipo amakupatsani nthawi yowongola. Mupake mopyapyala kwambiri, popeza ndi wolemera. Pakani m'kati mwa chubu chachikulu, osati pa cholumikizira, kuti wotsala akankhikire m'kati m'malo motuluka panja. Ngati guluu wa matabwa ndi yekhayo amene muli naye, pakani wokwanira ndipo lowetsani mukupotoza, ulendo umodzi.

Matani mbali imodzi yokha, muisiye iume. Kenako matani chubu chachiwiri, ndipo guluu asanagwire gonekani machubu onse awiri m'ngalande ya chitsulo cha L chija. Akanikizeni pang'ono kuti akhudze makoma onse awiri a chitsulocho kuyambira kumutu mpaka kumunsi. Potozani machubuwo pang'ono, muyang'anenso, mupotozenso, kufikira mwazungulira konse osaona mpata. Mangani ndi tepi ya pepala m'malo anayi, mosathinitsa, n'kusiya usiku wonse. Musawatsamiritse kukhoma kuti aumire pamenepo. Adzauma okhota.

Chitani zimenezi kawiri: machubu awiri akumunsi akhale chigawo chimodzi, awiri akumtunda chigawo china. Cholumikizira chachitatu, chapakati, chili ndi ntchito yakeyake.

Roketi igawikane pakati

Roketi zazifupi zimatulutsa parachuti kumutu. Pa yayitali zimenezi zimavuta. M'kati mwa machubu anayiwa muli malo pafupifupi malita awiri ndi theka, ndipo kawonga kakang'ono ka mu injini kayenera kudzaza malo onsewo ndi mpweya kasanakankhe mutu. Nthawi zina mutu umangosuntha pang'ono, parachuti n'kutsalira m'kati, roketi n'kubwera chamutu. Mukaigawa pakati, malo odzaza amachepa ndi theka, komanso mumapeza zigawo ziwiri za pafupifupi mita imodzi chilichonse, zolowa m'galimoto popanda kuthyoka.

Vuto lake n'lakuti pakati ndi pomwe thupi limafuna kupindikira. Choncho cholumikizira chapakati chikhale chachitali, masentimita 14 kapena 15. Chitsekeni ndi kathabwa kozungulira kolimba, komata ndi epoxy, kokhala ndi kamphete kachitsulo komangirapo chingwe. Matani theka lake m'chigawo chakumtunda. Theka lina lizilowa ndi kutuluka m'chigawo chakumunsi popanda guluu. Mutu wosongoka umatidwiretu kumtunda, suchokanso.

Kuthina kwa pamenepa kuyeseni bwino. Mukanyamula roketi pogwira chigawo chakumtunda, chakumunsi chisagwe chokha. Mukakoka ndi dzanja chituluke mosavuta. Mukaigwira chogona n'kuigwedeza pang'ono, pasamveke kugogoda. Pakakhwepa, matani timizere ta tepi ya pepala pa cholumikizira mpaka pagwire. Kuthinaku kumasintha ndi nyengo, chifukwa pepala limafufuma kukakhala chinyezi, motero mudzayesenso pa bwalo.

Dontheza supagulu mozungulira milomo ya chubu chakumunsi, m'kati, n'kupala ikauma. Milomoyo imalimba. Onetsetsani kuti Kevlar akuthera m'kati mwa chubu, masentimita angapo asanafike pa milomo, ndipo chotuluka panja ndi lasitiki. Kevlar sapsa msanga, koma ndi wowonda ndiponso wolimba moti parachuti ikatseguka roketi ili pa liwiro amang'amba chubu kutsika nacho. Lasitiki wa mamita atatu amapatsa zigawo ziwirizo mpata woti zisawombane. Mangani nsonga yake pa kamphete kachitsulo kaja.

Parachuti ya masentimita 60 imakwana pa kulemera kumeneku, ndipo imatsitsa roketi pafupifupi mamita anayi pa sekondi. Dulani pulasitiki wa makona asanu ndi limodzi, limbitsani kona iliyonse ndi tepi, booleni, n'kumanga ulusi wolimba wotalika mofanana, masentimita 60 kapena kuposa. Imangeni pa lasitiki chakufupi ndi chigawo chakumtunda.

Zipsepse, timachubu ta ndodo ndi penti

Podula zipsepse, mizere ya thabwa itsate m'mphepete mwakutsogolo mwa chipsepse. Ikatsata thupi la roketi, chipsepse chimabenthuka pa kutera koyamba. Sanjikizani zitatuzo n'kuzipala pamodzi kuti zifanane. Kuti zilimbe popanda kulemera, matani pepala wamba mbali zonse ziwiri ndi guluu wochepa, n'kuzipsinja pansi pa mabuku mpaka ziume.

Kulungani pepala mozungulira chubu, lembani pomwe lakumana, ndipo mupeza pafupifupi masentimita 13. Gawani patatu, ikani zizindikiro pa chubu, n'kukoka mizere yowongoka pogwiritsa ntchito chitsulo cha L ngati rula. Kokaninso mzere wachinayi pakati pa zipsepse ziwiri, wautali, wa timachubu ta ndodo. Palani pang'ono kunyezimira kwa chubu pomwe pakhale zipsepse. Pakani guluu wa matabwa pa chipsepse, chikhudzitseni pa mzere, chichotseni, dikirani mphindi imodzi, pakaninso pang'ono n'kumata. Chimagwira nthawi yomweyo. Matani chimodzi chimodzi, mukuyang'ana kuchokera kumunsi kuti chaima chilili. Zonse zikauma, pakani guluu m'makona momwe chipsepse chakumana ndi thupi, n'kusalaza ndi chala.

Timachubu ta ndodo tikhale tiwiri, kena pakati pa zipsepse, kena masentimita 50 kapena 60 kuchokera kumunsi. Musakakweze kwambiri kachiwirika, chifukwa kakangotuluka pa ndodo roketi yasiya kutsogoleredwa bwino. Pomata, lowetsani ndodo yeniyeniyo m'timachubu tonse tiwiri kuti tiumire pa mzere umodzi.

Penti ndi wolemera kuposa mmene amaonekera, ndipo thupi ili ndi lalikulu. Thirani wopopera mopyapyala, kawiri kokha. Sankhani mtundu wowala. Roketi yakuda ikakhala pa dzuwa mbali imodzi imatentha kuposa inzake, ndipo chubu cha pepala chimatha kukhota muli pa bwalo pomwepo.

Tsopano ikani zonse m'kati, injini ndi parachuti zomwe, n'kuyeza pa sikelo. Pezani CG yeniyeni poikhazika roketi pa chala, yezani mtunda wake kuchokera kumutu, ndipo manambala awiriwa alowetseni mu OpenRocket m'malo mwa ongoyerekeza aja. Onani liwiro limene roketi ikhale nalo pochoka pa ndodo. Lisachepere mamita 15 pa sekondi. Likachepa, talikitsani ndodo kapena chepetsani kulemera.

Tsiku loulutsa

Ndodo ya mamilimita atatu ya roketi zazing'ono siingathe ntchito imeneyi, imagwedezeka n'kuiponyera roketi pambali. Pezani yachitsulo ya mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi, yolingana ndi timachubu tanu, yotalika mamita 1.5 mpaka 1.8, yozikika pa choimikira cholemera chosagwa. Pansi pa injini pakhale chitsulo chotchinga moto kuti usafike pa nthaka. Malamulo amalola kupendeketsa ndodo mpaka madigiri 30, koma roketi iyi iimikeni chilili.

Injini ya D imafuna bwalo la mamita 150 mbali iliyonse, ya E mamita 300. Bwalo la mpira limodzi silikwana. Pakhale kutali ndi bwalo la ndege, mawaya a magetsi, nyumba zofolera ndi udzu, ndi msewu. Kwathu kuno chilimwe udzu umakhala wouma moti kamoto kamodzi kakhoza kuyatsa tchire lonse, choncho lambulani mozungulira choimikira mpaka dothi lioneke, ndipo chidebe cha madzi chikhale pafupi.

Malamulo amaletsa kuulutsa mphepo ikapitirira makilomita 32 pa ola. Malire amenewo ndi a roketi wamba. Yayitali imafuna bata lenileni, pamene masamba a mitengo akungogwedezeka pang'ono. M'mamawa dzuwa lisanatenthe ndi nthawi yabwino. Masiku amene mwera ukuwomba, makamaka Juni mpaka Ogasiti, ingoisiyani kunyumba. Musaulutsire m'mitambo kapena ndege ikamamveka.

Pokonza, yambani ndi zotchinga moto pakati pa injini ndi parachuti. Gwiritsani mapepala osapsa ogulitsidwa pamodzi ndi injini, kapena kansalu kosapsa ka Nomex. Tishu wamba ndi thonje ayi, zimatsika zikuyaka. Ikani zokwana kuzama kwa masentimita asanu ndi atatu, mosatsendera. Lowetsani lasitiki, kenako parachuti yowazidwa paudala pang'ono kuti isamatane, yopindidwa moti izitsetsereka yokha m'chubu. Lumikizani zigawo ziwiri, n'kuyang'ana roketi ndi diso limodzi kuchokera kumunsi mpaka kumutu, mukuipotoza.

Ulendo woyamba gwiritsani D12-3. Roketi yolemera chonchi imakwera mamita 100 mpaka 150, ndipo imafika pamwamba patapita masekondi atatu kapena anayi moto utatha. Kudikira masekondi asanu kungachititse parachuti kutseguka roketi itayamba kale kutsika ndi liwiro. Lowetsani choyatsira m'kabowo ka injini mpaka chikhudze wonga, n'kutseka ndi kapulagi kake. Kuyatsa n'kwa magetsi basi, osati machesi kapena chingwe choyaka. Choyatsira magetsi chikhale ndi kiyi yochotsa, ndipo kiyiyo ikhale m'thumba mwanu nthawi yonse imene munthu ali pafupi ndi roketi. Waya atalike mamita asanu pa injini ya D, mamita asanu ndi anayi pa E, ndipo aliyense aime kumbuyo kwa mtunda umenewo. Yang'anani kumwamba, werengani mokweza kuchokera pa 5 kutsika, dinani.

Ikapanda kuyaka, chotsani kiyi n'kudikira masekondi 60 munthu asanayandikire. Kawirikawiri chimakhala choyatsira chimene sichinakhudze wonga, kapena timano ta waya takhudzana. Roketi ikakodwa pa mawaya a magetsi kapena pamwamba pa mtengo wautali, isiyeni.

Mukaitola, musathamangire kuika injini ina. Yendetsani zala pa thupi lonse, makamaka pomwe cholumikizira chilichonse chathera m'kati ndi pamwamba penipeni pa zipsepse, chifukwa polimba pakakumana ndi pofewa ndi pomwe pepala limayambira kukwinyika. Mukapeza khwinya, dulani chigawo chimenecho n'kulumikizanso ndi cholumikizira chatsopano m'ngalande ya chitsulo cha L. Kokani Kevlar ndi lasitiki muone ngati zapserera. Roketi ikauluka mowongoka ndi D maulendo angapo, mukhoza kuyesa E12-4 pa bwalo la mamita 300, mutayezanso kulemera ndi CG popeza injini ya E ndi yolemera kuposa D. Kunyumba, sungani zigawo ziwirizo padera, zopachika choimirira m'chipinda chouma, kutali ndi zenera.